Nkhondo Yopanda Bodza ku Vidiyo ya Achimwene

Lolemba

Achimwene anyamuka m'mawa uno, ulendo wa ku Lilongwe kukagulitsa fodya wa amayi ku okushoni. Akuti abwera kumapeto kwa sabata. Makiyi a vidiyo sho ali m'thumba mwanga. Mwanga ine!

Mawu awo otsanzika, mwendo umodzi uli kale mu minibasi: "Mabenchi ndidzawapeze ali ndi anthu. Ndikadzawapeza ali ndi fumbi, ukwera kabaza wa ku Mkanda, ukathandize amayi kuswa mtedza mpaka mvula igwe. Ndipo Lameki usamukhudze."

Ndamukhudza utsi wa minibasi usanathe.

Lameki ndiye womasulira wathu. Amakhala pakampando pambali pa sikirini, maiki kukamwa, filimu ikuyenda iye n'kumauza anthu zimene azungu akunena. Chizungu chake chimathera pa moni. Mkulu wa asilikali akakuwa kuti adani atizungulira tibwerere, Lameki amati, "Anyamata, amene wandibera sopo adziulule!" Anthu kuseka mpaka kugwa pa benchi. Ine kumamva zonse ziwiri, zimene zanenedwa ndi zimene wanama, mutu waa!

Koma mlandu wake weniweni si umenewo. Chaka chatha, holo ili yodzaza, pa sikirini panatulukira chimfuti chija chimalira osapuma. Lameki anachitcha dzina langa. Dzina langa lenileni, la ubatizo! "Thawani anyamata, wafika, ameneyu akayamba kulankhula sasiya!" Mpaka lero ndikamadutsa pa siteji ya akabaza, pamakhala wina wonena tatatatata chapansipansi. Sanapepese. Sindinaiwale.

Ndondomeko ya sabata ino:
- pa maiki: ine. Chizungu ndinakhoza bwino pa fomu folo, satifiketi ili m'sutikesi
- mafilimu a achimwene, aja a chimunthu chimodzi chosavala malaya chimapha gulu lonse ndi mfuti yosatha zipolopolo: m'kabati
- pa sikirini: filimu yatsopano imene mnzanga wa ku koleji anandiikira pa fulashi. Nkhondo yeniyeni. Matope, mantha, anyamata ang'onoang'ono. Ndinaionera ndekha mpaka kumapeto, ndinalira mpaka mamina
- bodza: ayi

Lameki ndamuuza kuti akapume. Ndimayembekezera phokoso. Iye wapukuta maiki ndi malaya ake, wandipatsa ndi manja awiri, bondo lili lopinda. "Zikomo achemwali, muwasamale anthu anga." Ulemu wachipongwe.

Pa bolodi panja ndalemba ndi choko: NKHONDO YENIYENI. YOPANDA BODZA. WOMASULIRA WA FOMU FOLO.

Masana holo yadzaza! Madalaivala a mathiraki amene akudikira mapepala pa boda, akabaza, azimayi a mumsika. Amayi a Esinati, amene amagulitsa mandasi pakhomo pathu, beseni lawo latha filimu isanayambe.

Yayamba. Mvula. Asilikali akhala m'dzenje. Ndikumasulira liwu ndi liwu, osadumpha kanthu.

"Akuti masokosi ake anyowa."

"Akuti wailesi sikugwira."

"Akuti masokosi ake anyowabe."

Dalaivala wina wa ku Zambia, wa kapu yofiira: "Ba sisi, manje nkhondo izayamba liti?"

Ndisanamuyankhe magetsi azima. Jenereta ilibe petulo. Anthu atuluka mwaulemu, ena akuti abweranso mawa. Tsiku loyamba: chipambano!

Lachiwiri

Abwera, koma mabenchi a kumbuyo ali okha. Palibe kanthu. Zabwino siziyamba ndi gulu.

Ndayambira poyambirira penipeni, chifukwa ena dzulo kunalibe, ndipo filimu iyi ukaiyambira pakati sungamve chifukwa chake anyamatawo ali m'dzenje. A dzulo adandaula. "Masokosi aja kachiwiri?" Inde, kachiwiri. Ali ndi tanthauzo.

Madandaulo a lero, monga ndawamvera:
- chithunzi chili ndi mdima. "Mwatsitsa kuwala kuti musunge mayunitsi?" Ayi bambo, anajambula choncho dala
- onse avala zofanana, nkhope matope okhaokha, sitalingi ndi uti? Ndati ilibe sitalingi, pa nkhondo yeniyeni palibe munthu mmodzi amene zonse zimamuyendera. Holo yonse yandiyang'ana ngati ndati tchalitchi chilibe abusa
- adani sakuoneka. "Akumenyana ndi ndani, mvula?"
- palibe mkazi
- palibe helikopita

Wa kapu yofiira waimirira, walankhula m'malo mwa madalaivala onse: "Ba sisi, ise tili pano pa boda tiyembekeza mapepala. Thiraki yaima, abwana ku foni, tomato iola. Tabwera kuno kuti tiiwaleko kuyembekeza. Manje imwe mutionetsa anthu oyembekeza!"

Am'ombera m'manja. Ine sanandiomberepo.

Poti ndakana kuwapatsa sitalingi, adzisankhira okha. Pali msilikali wina wamtali, wa mapewa ngati chitseko, salankhula kwambiri. "Ndi ameneyo. Angodikira nthawi yake." Ine ndikudziwa chikubwera.

Wamtali uja wadzutsa mutu pang'ono kuti aone kunja kwa dzenje. Phaa! Wagwa. Basi. Osalankhula mawu omaliza, osatsanzika, amene wam'womberayo osaoneka ndi chipewa chomwe.

Kenako holo yonse:

"Bwezani m'mbuyo!"

Ndabweza. Wafanso.

"Adzuka ameneyo, dikirani."

Sadzuka. Ndanena pa maiki kuti sadzuka, nkhondo imatero, chipolopolo sichifunsa kuti wamapewa ndani. Wakabaza wina akuti filimu yanga ndi yobera, mbali imene amadzuka anaidula. Mayi wina akuti ndalodza sitalingi. Atuluka mabenchi athunthu, ngati pamaliro pagwa njuchi.

Atsala ochepa. Ndaimitsa, poti sindingawononge mathero abwino chonchija pa anthu amene akukangana za mpira.

Amayi a Esinati akulongedza mandasi otsala. Angondiyang'ana, kenako ayang'ana beseni, kenako ine.

Lachitatu

Chipongwe china chilipo pa dziko!

Tsidya la msewu, moyang'anana ndi khomo lathu, pali chiwaya cha tchipisi. Lameki wakhala pamenepo pa kireti. Alibe sikirini. Alibe sipika. Alibe ndi filimu yomwe. Akungofotokoza ndi pakamwa nkhondo imene sinajambulidwepo, ndipo anthu am'zungulira mpaka watchipisi akusowa podutsa ndi mafuta.

Ndikumva ndili pakhomo. Helikopita ikutuluka pamilomo, bububububu. Bomba ndi kumenya chidebe. Sitalingi wake wadumpha kuchoka pa ndege, wagwera pa ngolo ya ng'ombe, wapepesa ng'ombe, wapitiriza nkhondo. Wa kapu yofiira ali kutsogolo, pakamwa yasa, tchipisi chili m'manja waiwala kudya.

Anthu akusiya sikirini yaikulu ya achimwene, ya mitundu yonse, kukaonera pakamwa pa Lameki!

Kuno kwalowa anthu okwana benchi imodzi ndi kachidutswa. Ndawayambira poyambirira. Mmodzi wapempha kuti tidumphe masokosi. Ndakana. Wapita ku tchipisi.

Ndaganiza bwinobwino. Vuto si filimu. Vuto ndi loti anthu sakukhulupirira kuti nkhondo imakhaladi chonchi. Anazolowera bodza, choonadi chikuwaoneka ngati chowonongeka. Pakufunika mboni.

Mboni ilipo: a Sajeni. Msilikali wopuma, anapitako kunja kukasungitsa mtendere, pano ali ndi kagolosale kuseri kwa msika. Munthu wosalankhulalankhula. Ku vidiyo sabwerabwera, akabwera amakhala kumbuyo pafupi ndi khomo.

Ndawapeza akuyeza shuga m'timapepala. Ndagwada bwinobwino, ndafotokoza. Andimvetsera mpaka kumapeto.

"Ndiye ndikatani kumeneko, mwana wanga?"

Ndati mukangonena kuti zoona ndi ziti, bodza ndi liti. Ndalonjeza mpando wotsamira, kutsogolo, ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Avomera!

Bolodi ya mawa ndalemba kale: KUBWERA MSILIKALI WENIWENI. DZAFUNSENI NOKHA.

Lameki, pakamwa pako pamatulutsa helikopita, koma mendulo ulibe.

Lachinayi

M'mawa: ndasesa, ndakolopa, mpando wotsamira ndabwereka ku saluni.

A Sajeni afika atavala jekete, mendulo pachifuwa, nsapato zikuwala ngati galasi. Akudutsa mumsika anthu akuwatsata pambuyo. Chiwaya cha tchipisi chatsala ndi Lameki ndi galu. Ha!

Holo yadzaza kuposa Lolemba. Amayi a Esinati andimwetulira koyamba sabata ino.

Yayamba. Mvula, dzenje, masokosi. Ndatembenuka: "A Sajeni, kodi zimenezi n'zoona?"

"Zoona. Zili chonchi ndithu."

Ndayang'ana holo yonse, benchi ndi benchi, mwapang'onopang'ono. Ndikanakonda achimwene akanaona nkhope yanga.

Cholakwa changa n'chakuti rimoti ndinaisiya pafupi ndi iwo.

Aimitsa filimu. Akuti za masokosizi anthu asazitenge mopepuka. Afotokoza zimene zimachitika ku phazi la munthu likakhala m'jombo yonyowa sabata yathunthu. Khungu, fungo, zala. Afotokoza ndi manja. Bambo wina amene amadya ndasi walibweza m'pepala.

Yayendanso pang'ono. Msilikali akudya za m'chitini. Aimitsa. Nyemba za m'chitini, ndi zimene zimachita m'mimba mwa gulu la amuna okhala dzenje limodzi. Kenako kakumbidwe ka chimbudzi cha asilikali, kuya kwake, mbali imene mphepo ikuchokera. Kenako nsabwe.

"Nanga kuwombera, a Sajeni? Munapha angati?"

"Ine ndinkachapa kwambiri, ndi kulondera geti."

Kumwetulira kwa amayi a Esinati kwatha. Palibe akugula.

Rimoti ndailanda mwaulemu. Tadutsa pa wamtali uja, a Sajeni angogwedeza mutu. Tafika pamene sitinafikepo sabata yonse: mabomba ayamba kugwa. Ndakweza sipika mpaka kumapeto kuti anthu amve chimene akhala akulirira. Malata akunjenjemera. Mnyamata wa masokosi uja wadzipinda m'matope, manja kumutu, akukuwa.

Ndatembenuka kuti ndifunse ngati n'zoona. Sindinafunse. A Sajeni sakuyang'ana sikirini, akuyang'ana nsapato zawo. Botolo lapendekeka m'manja, chakumwa chikudonthera pa buluku, iwo osadziwa.

Ndatsitsa sipika. Ndaimitsa.

Aimirira, akonza jekete. "Mwana wanga, zimenezi ndinaziona kale. Sindinkadziwa kuti anthu amakhala pa benchi kuzifuna." Kenako, chapansipansi, "Mulibe ija ya mnyamata wosavala malaya? Amene uja ndimamukonda. Kumene tinali kuja kunalibe wotero."

Ndati ili m'kabati. Ati chabwino, tsiku lina. Atuluka, holo yawatsata monga inawatsatira pobwera.

Madzulo ndawaona tsidya la msewu, pa kireti ya Lameki, Lameki atakhala pansi. Sitalingi akugwira chipolopolo ndi mano. A Sajeni akuseka mpaka kupukuta misozi, ndipo sanakonze kalikonse. Ndi liwu limodzi lomwe!

Mawa ndikawapatse moni ku golosale. Sipika ija sindikanakweza chonchija.

Lachisanu

Ku golosale ndapita. Ndagula machesi amene sindikuwafuna. Andifunsa ngati amayi ali bwino ku Mkanda. Ndati ali bwino. Ati ndikawapatse moni ndikapita. Ndikapita! Nkhani yafika kale mumsika monse.

Amene alowa lero:
- a Binwelo, amene amati anagwirapo za magetsi, ataledzera kale dzuwa lili pamutu
- mnyamata ndi mtsikana amene asankha kona ya mdima ndipo sikirini sakuidziwa kumene ili
- bambo wina amene akungofuna potchajira foni
- nkhuku ya aneba

Chabwino. Ndagonja pang'ono. Masokosi ndadumpha. Ndayesanso nthabwala imodzi, poti akuti anthu amafuna kuseka. Msilikali akutsegula chitini, ine: "Akuti ndiwo za lero ndi zomwe zija za dzulo." Zii. Nkhuku yokha ndiyo yatembenuka. Ndipo si zimene ananena. Ndanama, ndipo palibe waseka. Kuluza kawiri.

Ndathamangitsa mpaka pa nkhondo penipeni. Utsi, kamera ikugwedezeka, sukudziwa akuthamangayo ndi wathu kapena wawo. Bomba lagwa pafupi ndi mnyamata wa masokosi. Pamenepo ojambula anachita zanzeru: phokoso lonse limazimiririka, kumangomveka kakulira kakang'ono, tswiiii, monga amamvera munthu amene bomba lam'gonthetsa makutu. Pamene ndinkaonera ndekha, apa ndi pamene tsitsi linandiimirira.

A Binwelo adzuka. "Sipika yapsa."

Ndati sinapse, anapanga dala, tikumva zimene msilikaliyo akumva.

"Achemwali, azungu awononge ndalama zawo kujambula filimu, n'kuchotsamo mawu dala? Musatipusitse. Ndi waya ameneyu."

Wa foni wavomereza kuti ndi waya. A mu kona, osayang'ana n'komwe, akuti ndi waya.

Ndikutanganidwa kubweza m'mbuyo kuti ndiwaonetse, a Binwelo ali kale kuseri kwa sipika ndi kampeni. Ndakuwa. Kwamveka thu! Kafungo ka pulasitiki.

"Mwaona? Inali yodwala kale."

Tsopano filimu yonse ikumveka monga amamvera msilikali wogontha. Zenizeni kuposa mmene ojambula anafunira.

A Binwelo akufuna ndiwathokoze poti apeza vuto.

Madzulo foni ya achimwene. "Zikuyenda?" Ndati zikuyenda. "Ndakumana ndi dalaivala wina kuno, wa kapu yofiira, mapepala ake anatuluka. Akuti ku Mchinji kuli vidiyo ya masokosi." Ndati netiweki ikuvuta. Ndadula.

Munthu wa tomato woola, m'malo mothamangira kumsika, nthawi yofalitsa nkhani waipeza kuti?

Loweruka

Tsiku la msika. Njinga zochokera m'midzi ya kwa Zulu, kwa Mlonyeni, matumba a chimanga, anthu a tsidya lija la malire ndi zitenje zawo. Tsiku limene achimwene amaonjezera mabenchi a ku tchalitchi.

Sipika ndabwereka kakang'ono ku babashopu. Kamalira ngati udzudzu, koma kamalira.

Ndatsegula kabati. Inde. Ndalemba pano kuti ndisadzakane: ndatulutsa wosavala malaya. Bolodi ndafufuta ndi chinsanza chonyowa, ndalemba: WABWERANSO UJA. Mawu oti fomu folo ndawasiya, ali pakona.

Alowa ndithu, mabenchi angapo. Mtima wakhala pansi.

Koma filimu zimenezi zilibe chomasulira! Munthuyu salankhula. Akuthamanga, akuwombera, akudumpha moto. Ine ndili ndi maiki, ndikudikira chiganizo.

"Akuti aaa."

"Akuti thawani."

"Awanso akuti aaa."

Ndiye pakamwa pakasowa ntchito pamapeza ina. Ndangonena pang'ono kuti mfuti imeneyo zipolopolo zikanatha kalekale. Ndangoonjezera kuti adani onsewo akubwera mmodzimmodzi ngati ali pa mzere wa kuchigayo. Kuti munthu sangawomberedwe paphewa n'kunyamula nalo phewa lomwelo chitsulo cha helikopita. Kuti tsitsi lake silinasokonekere chiyambire.

"Achemwali, tikudziwa. Tisiyeni tionere."

Akudziwa! Nthawi yonseyi akudziwa kuti ndi bodza, ndipo akulifuna lomwelo!

Ndayesa kukhala chete. Ndakhaladi chete mpaka pamene wadzisoka yekha bala ndi ulusi wa nsapato, kenako n'kusambira mumtsinje. Apo ndalephera. Ndanena za majeremusi.

Tsidya la msewu chidebe chalira, bomba la Lameki. Benchi yoyamba yadzuka. Yachiwiri.

Amayi a Esinati andikokera pambali. "Mwana iwe, dzina silitha ndi kutchulidwa. Woloka msewu, kam'tenge mnzakoyo achimwene ako asanafike. Ine ana anga amadya za beseni ili."

Ndaganiza za mtedza. Matumba ndi matumba, zala zotupa, netiweki ya pa chulu pokha. Ndavula epuloni. Ndayamba kuwoloka. Mawu ndakonza kale, osati opepesa, ongoti ntchito ilipo ngati akuifuna.

Ndili pakati pa msewu, Lameki wandiona, wasiya kulankhula, gulu lonse latembenuka. Kenako kuchokera ku siteji ya akabaza, momveka bwino: tatatatata.

Lameki sanaseke. Koma milomo yake inagwedezeka, ndinaiona.

Ndatembenuka. Ndabwerera. Aziti ndimathamangitsa nkhuku.

Amayi a Esinati asenza beseni, awoloka okha.

Chakumadzulo minibasi yaima. Achimwene, chikwama paphewa, maso ofiira ndi tulo ta ku okushoni. Alowa mu holo. Wosavala malaya akupha anthu yekhayekha, womuonera ndi ine ndekha. Ayendetsa chala pa benchi, achiyang'ana. Anunkhiza kuseri kwa sipika. Ayang'ana kasipika ka ku babashopu nthawi yaitali.

Atambasula dzanja. Ndaikamo makiyi.

Awoloka msewu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita ya m'mawa. Ulaliki wa kukhululuka. Winawake anawauza abusa, sindikukayika.

Ndikulongedza. Zitenje, nsapato zakale za kumunda, satifiketi pansi penipeni. Achimwene sanakalipe. Angoti amayi akondwa, akhala akudandaula msana. Sipika ailumikiza okha ndi tepi, inali waya. Tsopano inalidi waya, kampeni ka a Binwelo katadutsapo.

Chipinda changa chili kuseri kwa holo, khoma limodzi. Masana kwayamba phokoso. Mabenchi kukhukhuluzidwa, ena a ku tchalitchi. Kenako mvula pa sipika. Mvula imeneyi ndikuidziwa.

Filimu yanga! Fulashi ndinaiiwala ku sikirini, ndipo Lameki akuionetsa!

Sindipita.

Ndapita. Ndaima pakhomo, pa malo anga akale olandirira ndalama.

Yadzaza mpaka ena akhala pansi. Lameki pakampando, maiki kukamwa, thukuta kamukamu. Anyamata a m'dzenje aja akuti ndi akamwini a mudzi umodzi, athawa kukalima kwa apongozi. Wa masokosi wam'patsa dzina, Josamu wa ku Mlonyeni, ndipo ndiye sitalingi. Wailesi ikalira akuti ndi apongozi akufunsa kuti makasu ali kuti. Anthu akugwirana mapewa ndi kuseka. Mabomba akamagwa iye amakuwa pamwamba pake, moti sukumva bomba, ukumva Lameki. A Sajeni ali kumbuyo pafupi ndi ine, ndasi m'manja.

Afika kumapeto, kumene ine sabata yonse sindinafikitseko munthu. Nkhondo yatha, kukucha, Josamu wagona pa machira. Akuitana amayi ake. Akuitana kachiwiri, motsika. Watseka maso. Mnzake wam'gwira dzanja.

Ndati eya, tione pamenepa unama bwanji.

"Wakomoka! Njala, anthuni, munthu chidyere nyemba za dzana. Akupita naye kuchipatala. Kumeneko akakumana ndi nesi wina wokongola, mwana wa abusa."

Pa sikirini akum'funditsa bulangeti mpaka kumaso.

"Kwawoko kumazizira, si kuno ayi. Ukwati mwezi wamawa, nonse mwaitanidwa, mubwere ndi mbale zanu!"

Nthungululu. M'manja. Mayi wina akuvina pakati pa mabenchi. Mayina a ojambula akukwera pa sikirini ndi kanyimbo kachisoni, anthu akukambirana za mphatso.

Akutuluka mmodzimmodzi, ndipo aliyense ayenera kudutsa pa ine.

"Anafa," ndamuuza woyamba.

"Anafa mnyamata uja."

"Bulangeti lija si la kuzizira. Anafa."

Wakabaza wina akuti nsanje. Amayi a Esinati, beseni lopanda kanthu pamutu: "Iwe, tisiye."

A Sajeni atuluka pomaliza, akupukuta mafuta m'zala.

"Anafa, a Sajeni."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Koma ku ukwatiko ndipita."

Sutikesi ndatseka, ndakhalira pamwamba kuti zipi ikumane. Kabaza abwera mawa m'mawa, achimwene alankhula naye kale. Lameki watumiza tchipisi m'pepala, akuti za paulendo. Ndadya, poti chakudya sichinalakwe. Iye analakwa.

Amayi aimba foni. Akuti mtedza chaka chino wachita bwino. Wachita bwino kwambiri.